Chinsinsi Chobisira Mwini Wake

Ife olankhula chinenero chino tili ndi miyambi iwiri imene sigona m'nyumba imodzi. Wina umati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Wina umati tsobola wakale sawawa. Woyambawo timaunena pamaliro, pachinkhoswe ndi pabwalo la milandu, pamene tikufuna munthu waimvi kuti atizimire moto umene tayatsa tokha. Wachiwiriwo sitiutchula mokweza, koma ndi umene timautsata lamya ya m'manja ikalira m'thumba la munthu wokalamba. Nthawi yomweyo dzanja la mwana limatambasuka: "Bweretsani kuno agogo, izi si zanu."

Pali funso limene landisowetsa mtendere kwa zaka zingapo. Kodi pamene titenga lamya m'manja mwa nkhalamba n'cholinga choithandiza, timakhala tikuithandizadi, kapena tikuilanda kanthu kena kamene sitikukaona? Sindikufunsa ngati munthu wosalakwa. Ndinachita zimenezi kwa bambo anga ondibereka, ndipo ndinazichita ndi mtima woyera. Mtima woyerawo ndi umene unandichedwetsa kuzindikira kuti ndalakwa.

Ndinabadwira pakomboni ya esiteti ina ya tiyi m'boma la Thyolo. Amene anayendapo pamsewu wochoka ku Limbe kudzera pa Bvumbwe mpaka ku Thyolo, kenaka n'kupitirira ku Makwasa, akuidziwa minda imene ndikunenayi: mapiri athunthu ovala zobiriwira, osalala ngati ometedwa ndi lumo. Tiyi anayambira ku Mulanje cha m'ma 1890 ndipo anafika kwathu zaka za m'ma 1900 zitangoyamba. Esiteti ya Satemwa inatsegulidwa ndi Maclean Kay mu 1923, ndipo mayina ngati Conforzi, Naming'omba ndi Makandi tinakula tikuwamva ngati mayina a midzi. Alendo amaimitsa galimoto kuti ajambule kukongolako. Ndi ochepa amene amalowa m'fakitale kukaona m'mene tsamba lobiriwira limasandukira tiyi wa m'kapu, ndiponso kuti ndani amayendetsa makina ake.

Bambo anga analowa m'fakitale mu 1966 ali ndi zaka 18, atalekezera sukulu Sitandade 4. Anayamba ngati sipanala boyi, wonyamulira amisiri zida, ndipo anapuma ntchito mu 2004 ali makaniko amene ankadzutsidwa pakati pa usiku makina akaima. Ntchito ya tiyi siyembekeza munthu. Masamba akathyoledwa ayenera kufika kufakitale tsiku lomwelo. Amayalidwa pamalo odutsa mphepo ya mafani kuti afote, amalowa m'makina owadula ndi kuwapera, amasiyidwa kanthawi kuti asinthe mtundu kuchoka kobiriwira n'kukhala ofiirira, kenaka amaumitsidwa ndi mpweya wotentha wochokera kung'anjo yosonkhezera nkhuni za bulugamu, asanasefedwe m'magiredi ndi kutumizidwa kumsika wa ku Limbe. Makina amodzi akaima m'dzinja, pamene masamba amachuluka, thukuta la anthu mazanamazana limapita pachabe.

Ndili mwana ndinkawaona bambo atagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pamakina akuyenda, chogwirira atachiika kukhutu, maso atatsinzina. Ankamva beringi imene yayamba kudyeka kudakali masiku angapo kuti ife. Mabuku a makinawo anali m'Chingerezi chimene iwo sankachimva bwino, koma anali ndi kope lawolawo m'mene ankajambula ziwalo za makina ndi kulemba m'Chichewa ndondomeko yomasulira ndi kumanganso. Mayi anga nawo anathyola tiyi zaka zoposa 20, masamba awiri ndi kansonga, dengu kumsana. Ankadziwa kulemera kwa dengu lawo lisanakwere pasikelo, moti kalaliki wolemba sankayerekeza kuwabera.

Tisanawatche anthu awa osatha kuphunzira zatsopano, tiyeni tiwerenge zimene anaphunzira kale. Mpaka mu 1971 Amalawi ankagwiritsa ntchito mapaundi, masheleni ndi mapeni: mapeni 12 kupanga sheleni, masheleni 20 kupanga paundi, ndi katiki ka mapeni atatu pakati. Masamu amenewa mwana wa sekondale wa lero angatuluke nawo thukuta. Chaka chimenecho kunabwera kwacha ndi tambala, kwacha imodzi kulowa m'malo mwa masheleni 10, ndipo amayi a pamsika wa Bvumbwe anasintha mitengo ya kabichi ndi tomato m'mutu, popanda wowachitira semina. Sikelo zinasiya mapaundi n'kuyamba makilogalamu. Anthu omwewa anaphunzira kutumiza telegalamu, kulandira ndalama za ku Wenela papositi ofesi, kutchera wailesi, kukonza njinga ndi makina osokera. Mayi anga anaphunzira kulemba dzina lawo kusukulu ya kwacha ali ndi ana anayi. Mbadwo umene unabadwa m'nthawi ya thangata ndi chitaganya n'kudzafika m'nthawi ya intaneti wawoloka mitsinje yambiri kuposa ife amene tinapeza milatho itamangidwa kale.

Lamya za m'manja zinafika m'dziko muno pakati pa zaka za m'ma 1990 ndi kampani ya TNM, ndipo Celtel inatsatira mu 1999. Kutumiza ndalama palamya kunayamba mu 2012 ndi Airtel Money, kenaka Mpamba mu 2013. Kwa ife ogwira ntchito kutali ndi kwathu chinali chipulumutso. Kale ndinkadikira munthu wopita kumudzi kapena kupatsira kondakitala envulopu, mtima uli m'mwamba. Choncho kumayambiriro kwa 2015, ndikuphunzitsa ku Lilongwe, ndinawagulira bambo lamya ya mabatani n'kuwatsegulira akaunti. Apa n'kuti iwo ndi mayi atakhazikika kumudzi kwa mayi, chakufupi ndi Luchenza.

Itafika nthawi yosankha nambala yachinsinsi, sindinaganize kawiri. Ndinasankha ndekha manambala anayi, n'kuitana mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka 16 amene ankakhala nawo, n'kumunong'oneza. Bambo anali pomwepo, atakhala pampando wandalema, akutiyang'ana. Ndinawauza kuti, "Inu musavutike nazo izi, mwanayu azikutapirani." Iwo anangoti, "Chabwino, aphunzitsi." Umu ndi m'mene amanditchulira chiyambire pamene ndinamaliza maphunziro, tsiku lina mwaulemu, tsiku lina mwanthabwala.

Mwezi uliwonse ndinkatumiza K25,000. Ndikaimba kufunsa ngati zafika, ankayankha kuti zafika, zikomo. Patchuthi cha Khirisimasi chaka chomwecho, tikudya madzulo, ndinadandaula kuti denga la khitchini likudonthabe pamene ndalama ndimatumiza. Bambo sanayankhe. Titasamba m'manja analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kope lachikuto chofiira, longa aja a kufakitale. Munali mizere iwiri. Mzere wina unali wa ndalama zimene analandira m'manja: K20,000, K18,000, mwezi wina K15,000. Mzere winawo unali wa ndalama zimene ndinatumiza, ndipo sunaphonye ngakhale pamodzi. Anandiuza kuti uthenga ukalowa ankauwerenga mwanayo asanabwere kusukulu. Mawu a Chingerezi ankawadumpha, koma manambala alibe mtundu. Anadziwa kuyambira mwezi wachiwiri.

Ndinafunsa chifukwa chimene anakhalira chete miyezi yonseyi. Anati kunena kukanakhala kumutcha mdzukulu wawo wakuba pamaso pa amalume ake, komanso sanaone phindu lodandaula kwa munthu amene anali atagamula kale kuti mutu wawo sugwira. Kenaka anafunsa funso limene mpaka lero limandilirabe m'makutu. "Aphunzitsi, nambala ija mumati ndi yachinsinsi. Lamya ndi yanga, ndalama ndi zanga. Inu mukuidziwa, mwanayu akuidziwa, ndipo sindikukayika kuti wa pakauntala uja naye anaimva. Nanga chinsinsicho mukubisira yani?"

Mnyamata uja sindimuweruza kwambiri. Kumusenzetsa mwana wa zaka 16 chikwama chosatseka, mwini wake atamangidwa m'maso, ndi kumuika m'mayesero amene akuluakulu ambiri amagwa nawo. Wolakwa woyamba ndinali ine. Makolo anga ndinkawakonda, koma ndinayang'ana imvi n'kuleka kuona munthu. Sindinawafunse ngati akufuna kuphunzira. Sindinayese n'kamodzi komwe kuwaonetsa kuti ndione ngati zikanika. Chigamulo ndinabwera nacho kuchokera ku Lilongwe chili chomangamanga: munthu wa zaka 67 sangakwanitse. Munthu amene ankamasula makina aakulu ngati nyumba ndinamuyesa wolephera kusunga manambala anayi.

Khalidwe limeneli anzathu analipatsa dzina. Mu 1969 dokotala wina wa ku America, Robert Butler, analitcha ageism, kutanthauza tsankho lotengera zaka za munthu, ndipo analifanizira ndi tsankho la khungu. Mu 2021 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti lonena kuti munthu mmodzi mwa awiri alionse padziko lapansi ali ndi maganizo atsankho kwa anthu achikulire. Kuno kwathu, kumene kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la anthu 17.5 miliyoni linali la ana osafika zaka 18, n'kosavuta kuti mawu a nkhalamba amire. Tsankho ili ndi lovuta kuligwira chifukwa limabwera litavala chikondi. Wosala mnzake chifukwa cha mtundu amadziwa mumtima kuti akuchita choipa. Wolanda agogo lamya amapita kukagona akudziyamikira.

Tifunsenso kuti n'chifukwa chiyani ife ana timathamangira kugamula chotere. Kuyambira kale nzeru zinkatsika kuchokera kwa akulu kupita kwa ana: kasulidwe ka khasu, kamangidwe ka nkhokwe, nthawi yobzala, mankhwala a njoka. Lamya ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene mwana amayamba kuzidziwa kholo lisanazidziwe, ndipo ufumu umenewu umakoma. Mwana amene tsiku lonse amatumidwa kumadzi ndi kunkhuni amapeza kanthawi kakuti nayenso afunsidwe. Kuwaphunzitsa agogo ndi kutula pansi ufumuwo, choncho n'kwapafupi kunena kuti sangamve. Ndiponso kuphunzitsa kumadya nthawi, pamene kuchitira kumatha msanga. Kawirikawiri mawu akuti "sangathe" amatanthauza kuti "ndilibe nthawi". Wokalamba akawamva mobwerezabwereza amayamba kuwanena yekha: "Ife zimenezi zinatipita." Pamenepo timati taonani, avomera okha, osadziwa kuti akungobwereza zimene tinawaphunzitsa.

Wina anganditsutse kuti ndikukana zoonekeratu. Ukalamba si nthano. Maso amachita chidima, makutu amayamba kugontha, manja amanjenjemera, ndipo alipo okalamba amene matenda amawaiwalitsa ngakhale mayina a ana awo. Amenewa afunikadi wowagwirira, ndipo kuwasiya okha ndi lamya m'dzina la ulemu kungakhale nkhanza. Izi ndikuvomereza. Chimene ndikukana ndi kutenga vuto la ena n'kuliveka onse, tisanamuyese munthu payekha. Dokotala wabwino sapereka mankhwala pongoyang'ana chaka chobadwa. Komanso tikaunika bwino, zambiri zimene timazitcha ukalamba zili ndi mayina ena.

Chitsanzo ndi mayi anga. Mng'ono wanga amene ali ku Johannesburg atawatumizira lamya yosisita pagalasi, tinaona kuti iwo akaikhudza siyankha, koma mdzukulu akaikhudza imayankha msanga. Ana anaseka, nati ngakhale lamya yawadziwa agogo kuti ndi akale. Pambuyo pake ndinamva chifukwa chake. Galasi la lamya zoterezi limamva chala kudzera m'kamphamvu kochepa ka magetsi kamene khungu limanyamula, ndipo khungu louma ndi lokhakhala silidutsitsa bwino mphamvuyo. Zala za mayi zinaumitsidwa ndi zaka 20 zothyola tiyi m'mame ndi padzuwa. Ana aja ankayesa kuti akuseka ubongo wa agogo awo, pamene ankaseka zipsera za ntchito imene inalipira fizi ya makolo awo.

Onjezani pamenepo timalemba tating'ono ngati nyerere, mauthenga obwera m'Chingerezi, ndi ndondomeko zimene zimazima zokha munthu akachedwa pang'ono kusankha. Onjezaninso kuti maphunziro aulere a pulayimale anayamba mu 1994, mbadwo wa makolo athu utadutsa kale, ndipo ana ambiri a m'makomboni ankalowa m'munda asanamalize kuphunzira kuwerenga. Mnyamata wa zaka 20 amene analekezera Sitandade 2 amavutika palamya mofanana ndi agogo, koma iye sitimunena kuti wakalamba. Mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito wa zaka 75 amatumiza mauthenga pa WhatsApp tsiku lonse, ndipo sitidabwa. Choncho mpanda weniweni ndi umphawi, sukulu, chinenero ndi kapangidwe ka chipangizocho. Tikamati vuto ndi ukalamba timapeputsa mlandu wa opanga zipangizo, wa okonza ndondomeko ndi wathu womwe, chifukwa ukalamba ulibe mankhwala pamene zinazi zikhoza kukonzedwa. Ndimaganiza zimenezi ndikamadutsa ku Ndata, m'boma lathu lomweli, kumene sukulu yaukachenjede ya sayansi ndi luso ya MUST inatsegulidwa mu 2014. Ndimalakalaka wophunzira wa pamenepo amene adzayambe ntchito yake poyang'ana zala za wothyola tiyi.

Nkhaniyi ikanakhala yaing'ono lamya ikanakhala choseweretsa. Koma lero lamya ndi khomo. Mu 2017 boma linalembetsa nzika za zaka 16 kupita m'tsogolo kuti zikhale ndi chiphaso chaunzika, ndipo mu 2018 nambala iliyonse ya lamya inayenera kulembetsedwa m'dzina la mwini wake. Mu 2020, ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba, mlimi ankagula feteleza poonetsa chiphaso chimene chinkawerengedwa ndi makina. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo yathandiza mabanja ambiri otsogozedwa ndi achikulire, m'maboma ena inasiya kupereka ndalama pamanja n'kuyamba kudzera palamya kapena kubanki. Nkhalamba imene yauzidwa kuti izi si zake ndiye kuti yauzidwa kuti ndalama zake, feteleza wake ndi uthenga wake zizidutsa m'manja mwa wina. Taganizirani mayi wachikulire amene akufuna kuuza mwana wake wamkazi za matenda a m'thupi, koma woimba ndi wogwira lamya ndi mdzukulu wamwamuna amene waima pomwepo. Amangoti tili bwino.

Pali chinanso chimene chimandichititsa mantha. Pakamwa pamene pamati agogo sangathe kudina batani ndi pomwenso pamati agogo omwewo amakwera lichero usiku n'kukafika ku Joni tambala asanalire. Masana ndi mbuli, usiku ndi akatswiri a luso loposa la ndege. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha achikulire anayi powaganizira kuti anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu m'malamulo athu kuyambira mu 1911, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Sindikunena kuti kulanda lamya n'chimodzimodzi ndi kupha. Ndikunena kuti zonse zimamera pamuzu umodzi, womwe ndi kuleka kumuona wokalamba ngati munthu wonga ife, wokhoza zina ndi wolephera zina. Tikamuchotsa pagulu la anthu wamba timamuika pamene tafuna, pansi pa mwana kapena pamwamba pa mphenzi. Lamulo likhoza kumanga wogenda nkhalamba, koma silingalowe m'nyumba kukatiphunzitsa kudekha.

Kudekhako ine ndinakuphunzira movutikira. M'mawa mwake mwa tsiku la kope lija tinakhala pakhonde ndi bambo kuti ndiwaphunzitse. Ine, amene ndimalandira malipiro chifukwa chophunzitsa, ndinalephera m'mphindi 10 zoyamba. Akachedwa kupeza batani, chala changa chinkakhala chitafika kale. Kachitatu anakokera lamya pachifuwa n'kunena kuti, "Mukadina inu, chaphunzira ndi chala chanu. Ndisiyeni ndilakwitse." Anandiuza kuti kufakitale mnyamata watsopano sankamugwirira sipanala. Ankamuimirira kumbuyo, manja atapinda, n'kumulankhula pokhapokha akafuna kudzivulaza. Anatsegula kope lofiira lija n'kuyamba kulemba sitepe iliyonse m'Chichewa, monga ankachitira ndi makina: dina kanyenyezi, lemba manambala awa, dikira, sankha chachitatu. Titabwereza kanayi anandiuza kuti nditembenuke ndiyang'ane kumunda. Anasintha nambala yachinsinsi okha. Mpaka lero nambalayo ili m'mutu mwawo mokha.

Patapita chaka analandira lamya ija imene Amalawi ambiri tinailandirapo: munthu wolira kuti watumiza ndalama molakwika, ndi zakuchipatala, chonde mumubwezere. Bambo anamuuza kuti adikire, anadula, n'kuyang'ana ndalama zotsala mu akaunti. Zinali zomwe zija. Munthuyo ataimbanso anayamba kumufunsa za wodwalayo mwaulemu wonse, wagonekedwa kuti, akudya kapena ayi, mpaka anadula yekha. Chaka chomwecho mphunzitsi mnzanga wa digiri, wa zaka 30, anaberedwa theka la malipiro ake ndi bodza longa lomweli. Zaka 38 za m'fakitale zinali zitawaphunzitsa bambo kuti usamakhulupirire phokoso usanayang'ane geji.

Mayi anasankha njira ina, ndipo nayonso inandiphunzitsa kanthu. Titawaonetsa zonse, anaphunzira kuimba, kuyankha, kuyatsa tochi ndi kutsegula wailesi palamya ya mabatani. Za ndalama anakana. Anati ndalama imene sangaimange pansonga ya chitenje saikhulupirira, bambo aziwatapira iwo ali pomwepo akuona. Poyamba ndinafuna kuwakakamiza, popeza tsopano ndinali nditatembenuka mtima. Kenaka ndinaona kuti kukakamiza kumeneko kukanakhala kulakwa komwe kuja kutavala malaya ena, ine kudziwanso chowayenera kuposa eni ake. Pali kusiyana pakati pa munthu amene watsekeredwa kunja ndi amene waonetsedwa khomo, walowa, wayang'ana, n'kusankha kukhala pakhonde. Ulemu ndi kumusiyira mwini wake chisankhocho.

Tsono yankho la funso langa lija ndi lotani? Ndikuona kuti thandizo loona limamusiya munthu akudziwa zambiri kuposa m'mene linamupezera, ndipo zimenezi zikakanika, limamusiyabe ali mwini wa zinthu zake. Tisanagwire lamya ya wachikulire tifunse kaye: mukufuna ndikuchitireni kapena ndikuonetseni? Ngati maso ndiwo avuta, tikuze malemba kapena tipite nawo kukayezetsa magalasi. Ngati ndi Chingerezi, timasulire n'kulemba papepala. Ngati afunikadi wowagwirira, amusankhe okha, ndipo chilichonse chichitike iwo akuona ndi kumva. Ndipo inu ogwira ntchito pamakauntala a ndalama, kulankhula ndi mdzukulu pamene mwini ndalama waima pomwepo ndi mwano, ngakhale mzere utalike bwanji. Tsobola timamudziwa pomulawa. Kumutaya chifukwa chakuti wachita makwinya ndi kudzimana tokha.

Ine tsopano ndadutsa zaka 50, ndipo magalasi owerengera sachoka m'thumba la malaya. Posachedwapa ndinkalimbana ndi fomu ina ya pa intaneti, mwana wanga wamkazi ataima pambali. Ndinamva akuusa moyo, kenaka dzanja lake linatambasuka: "Adadi, bweretsani, muchedwa nazo." Ndinakokera lamyayo pachifuwa monga anachitira bambo pakhonde paja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinamuuza kuti akoke mpando akhale, manja apinde, andilankhule pokhapokha ndikafuna kudzivulaza. Fomuyo inatitengera theka la ola m'malo mwa mphindi zisanu. Nditamaliza ndinawaimbira bambo kuwafotokozera. Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anandifunsa ngati ndili ndi kope.